Musamusiyitse tirigu tisanamupime

Lolemba m'mawa anatitumizira mtsikana wa zaka 9 chifukwa cha kuchepa kwa magazi. Mapiritsi a ayironi wakhala akumwa kwa miyezi, koma akamupima magazi ake ali pomwepo. Mayi ake ankaoneka kuti sakumvetsa chomwe abwerera kwa dokotala wa matumbo. "Adokotala, mwanayu m'mimba mulibe vuto, satsegula, amadya bwinobwino," anatero. Ndinawapempha kabuku ka sikelo. Kwa zaka ziwiri msinkhu wa mwanayo wakhala ukutsalira pang'onopang'ono, ndipo mano ake akutsogolo ali ndi timizere ndi mawanga. Ndinalemba kuti apimidwe matenda a celiac.

Matendawa amayamba chitetezo cha m'thupi chikamalimbana ndi gluten, puloteni yopezeka mu tirigu, balere ndi rye, n'kumavulaza khoma la matumbo aang'ono. Khomalo lili ndi tinthu tosongoka tambirimbiri tokhala ngati ubweya wa thaulo, tomwe timayamwa zakudya. Tikaperepeseka, chakudya chimangodutsa. Ayironi amayamwidwa kumayambiriro kwenikweni kwa matumbowa, komwenso matendawa amakonda kuwononga, n'chifukwa chake mwana angamwe mapiritsi mpaka kutopa nawo magazi osabwerera. Pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 100 alionse ali ndi matendawa, ndipo ambiri sadziwa.

Lachiwiri kunabwera kamnyamata ka zaka ziwiri kamene aliyense wophunzira udokotala akanakazindikira kali pakhomo: mimba yotupa, matako ofota, miyendo yowonda, chimbudzi chambiri chotuwa ndi chonunkha, kulira kosatha. Ana otere ndi amene dokotala wina, Samuel Gee, anawafotokoza ku London mu 1888. Gee sanadziwe choyambitsa. Anadzatulukira kuti ndi tirigu ndi Willem Dicke, dokotala wa ana wa ku Netherlands, amene anaona odwala ake akupeza bwino buledi atasowa pa njala ya 1944 mpaka 1945, n'kudwalanso buledi atabwerera. Koma masiku ano ana ambiri amene timawapeza ndi celiac saoneka choncho. Wina amadzimbidwa, wina mimba imangomupweteka, wina wachedwa kutha msinkhu, wina amatuluka zilonda m'kamwa pafupipafupi, wina n'kutopa basi. Ena ndi onenepa ndithu.

Tsiku limene linanditopetsa ndi Lachitatu. Bambo ndi mayi anabwera ndi mwana wawo wa zaka 6, wooneka wathanzi. Anati chaka chatha ankavutika ndi m'mimba, anawerenga pa intaneti za gluten, n'kumusiyitsa buledi, mabisiketi ndi zonse za tirigu. Patha miyezi yoposa sikisi, mwana ali bwino, ndiye akufuna kalata yotsimikiza matendawa yokapereka kusukulu.

Apa ndiye povuta. Chimene timafuna m'magazi ndi asilikali amene thupi limapanga likamakumana ndi gluten, makamaka otchedwa tTG-IgA. Mwana akasiya gluten, asilikaliwo amachepa mpaka kuzimiririka, matumbo nawo amapola. Mukamupima zonse zimatuluka bwino, kaya matendawa ali nawo kaya alibe. Ndinawauza kuti njira yodziwira zoona ndi kumubwezera pa tirigu tsiku lililonse kwa milungu ingapo, mwinanso miyezi, kenako n'kumupima.

Bambowo nkhope inasintha. "Ndiye mukuti timudwalitsenso dala?"

Funso lawo linali lomveka, ndipo sindiwaimba mlandu makolo amene aona mwana akuvutika n'kuchitapo kanthu. Komabe kupeza bwino atasiya tirigu si umboni wokwanira. Tirigu ali ndi zinthu zina zimene zimatupitsa mimba mwa anthu amene alibe celiac, ndiponso mimba ya mwana imatha kupweteka n'kusiya yokha. Ngati alibe matendawa, tikhala tamumanga pa zakudya zovuta moyo wake wonse popanda chifukwa. Ngati ali nawo, ndiye kusiya kwa apo ndi apo sikokwanira: amafunika kupewa ngakhale nyenyeswa, kumuyang'anira kakulidwe, ndi kupima abale ake. Mwana amene sanatsimikiziridwe, akafika zaka 14 amayamba kudya chilichonse ndi anzake chifukwa palibe anamuonetsapo umboni.

Tinagwirizana kuyamba ndi kupima majini (zachibadwa zimene munthu amatengera kwa makolo) otchedwa HLA-DQ2 ndi HLA-DQ8, chifukwa amenewa sasintha ndi zimene munthu akudya. Pafupifupi odwala celiac onse ali ndi amodzi mwa awiriwa, choncho akapanda kupezeka, nkhani yatha, mwana sakufunika kuvutitsidwa. Akapezeka sitinganene kuti wadwala, poti anthu ambirimbiri athanzi ali nawonso. Pamenepo m'pamene tidzakambirane za kumubwezera pa tirigu. Mayiwo anavomera. Bambowo anatuluka asanakhutire.

Lachinayi zotsatira za mtsikana wa Lolemba uja zinafika: tTG-IgA yake inapitirira maulendo 10 pa malire a munthu wabwinobwino. Malangizo a bungwe la madokotala a matumbo a ana ku Ulaya la ESPGHAN, amene anakonzedwanso mu 2020, amalola kutsimikiza matendawa popanda kulowetsa kachubu kounikira m'matumbo ngati nambala yafika pamenepo, bola magazi ena otengedwa padera asonyezenso asilikali otchedwa EMA. Ndinawaimbira mayi ake kuti abwere naye timutengenso magazi, ndipo ndinabwereza kawiri kuti apitirize kumupatsa tirigu mpaka titamaliza. Makolo ambiri akangomva zotsatira zoyamba amasesa m'khitchini tsiku lomwelo.

Masana tinali m'chipinda chounikira matumbo ndi mnyamata wina amene nambala yake inakwera pang'ono chabe. Otere ndiye sitingachitire mwina: timamugoneka, n'kulowetsa kachubu ka kamera kudzera m'kamwa, n'kutapa tizidutswa tosachepera tinayi m'kati mwa duodenum, yomwe ndi chigawo choyamba cha matumbo aang'ono, ndi kamodzi kapena kuposerapo pachiyambi pake, chifukwa kuwonongekako kumakhala kwa patalipatali. Ndi maso khomalo linkaoneka labwino. Zimenezo sizitiuza kanthu, yankho lichokera pa maikulosikopu.

Chinthu china chimene ndimakangana nacho ndi anzanga otumiza odwala ndi kupima tTG-IgA yokha osapima kuchuluka kwa IgA yense, gulu la asilikali limene tTG-IgA ali m'kati mwake. Pali ana amene thupi lawo silipanga IgA wokwanira, ndipo vutoli limapezeka kawirikawiri mwa odwala celiac kusiyana ndi anthu ena. Mwana wotere zotsatira zimatuluka zoyera chonsecho matumbo akuwonongeka, ndiye amafunika kupimidwa ndi njira zoyang'ana gulu lina la asilikali lotchedwa IgG. Kalata imodzi mlungu uno ndinaibweza pa chifukwa chimenechi.

Lachisanu timaona ana amene sakudandaula chilichonse koma ali pachiopsezo: a matenda a shuga a mtundu woyamba, a matenda obadwa nawo a Down syndrome ndi Turner syndrome, a matenda a chithokomiro obwera ndi chitetezo cha m'thupi, ndi abale a odwala. Pakati pa makolo, ana ndi abale a bere limodzi a wodwala celiac, pafupifupi mmodzi pa 10 amakhala nawonso. Dziko la Italy linafika pokhazikitsa lamulo mu 2023 loti ana azipimidwa celiac ndi shuga wa mtundu woyamba ngakhale asakudwala.

Womaliza anali bambo amene anabweretsa ana ake awiri chifukwa mkulu wawo tinamupeza ndi matendawa mwezi watha. Tili m'kati molemba mafomu anatchula mongodutsa kuti iwonso akhala ndi magazi ochepa kuyambira ali mnyamata, ndipo m'zigongono mumawatuluka totupa toyabwa kwambiri timene mafuta odzola alephera. Izi zikhoza kukhala zizindikiro za celiac, koma ine ndimaona ana okha, choncho ndinawalembera kalata yopita kwa dokotala wa akuluakulu, n'kuwauza kuti nawonso asasiye buledi mpaka atapimidwa.