Lachitatu: mikanda ya mayi ndi ya bambo

Ndinadzuka msanga lero chifukwa usiku ndinasiya kompyuta ikuwerengetsa. Nditaitsegula, mtima unangoti myaa. Haplotype imodzi (kagulu ka zizindikiro za m'majini zotengera limodzi kwa kholo) inkaoneka kuti ikuyenda limodzi ndi HbF yochuluka mwa ana odwala matenda a magazi a sickle cell omwe ndikusanthula zotsatira za magazi awo, ndipo p-value yake inali pansi pa 0.05, mlingo umene timati zotsatira sizikuoneka ngati zamwayi chabe. HbF ndi hemoglobini imene mwana amakhala nayo akali m'mimba. Ikatsalira yambiri akabadwa, maselo ofiira sapindika msanga ndipo matendawa amabwera mofatsirako. Tiyi wanga anazizira m'kapu ndili maso pa sikirini.

Ndili mu minibasi mayi anaimba foni. Nditawauza kuti ndikufufuza za majini, anakhala chete kaye, kenako anati, "Mwana wanga, upemphere." Iwo majini amawadziwa ngati ziwanda. Ndinayesa kuwafotokozera ndi mikanda. Munthu amalandira chingwe chimodzi cha mikanda kwa mayi, china kwa bambo, ndipo mikanda yoyandikana imakonda kuyenda pamodzi kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana. Kagulu koyendera limodziko ndiye haplotype. Vuto ndi loti makina a mu labu sakupatsa zingwe. Amakukhuthulira mikanda mu lichero n'kukuuza kuti pamalo apa pali wofiira ndi woyera, apo pali wakuda ndi wachikasu, koma sanena kuti wofiirayo anali pa chingwe chimodzi ndi wakuda kapena wachikasu. Malo otere akakhala awiri, zingwe zitha kulumikizidwa m'njira 2. Akakhala asanu, njira zimafika 16.

Ndiye kompyuta imaganizira. Njira ya EM, imene Excoffier ndi Slatkin anaigwiritsa ntchito pa nkhaniyi mu 1995, imayang'ana gulu lonse la anthu n'kuona kuti ndi zingwe ziti zimapezeka kawirikawiri, kenako imapatsa munthu aliyense mwayi wa njira iliyonse. Mayi anati anena ndi abusa basi.

Masana ndinapita ndi pepala langa kwa aphunzitsi amene akundiyang'anira. Anavala magalasi, anayang'ana kwa nthawi, n'kufunsa modekha, "Haplotype imeneyi ili ndi ana angati?" Ndinawerenga. Sanakwane ndi zala za dzanja limodzi. "Nanga mwaiwerenga ngati yotsimikizika, kapena mwasunga kukayika kwake?" Apa ndiye thukuta linayamba. Ine ndinangotenga njira yokhala ndi mwayi waukulu kwa mwana aliyense n'kuiika mu regression (masamu oyezera mgwirizano wa haplotype ndi HbF) ngati kuti ndinaiona ndi maso. Score test ya Schaid ndi anzake ya mu 2002, yomwe ili mu haplo.stats, chida cha pulogalamu ya masamu ya R, inapangidwira zimenezi: imawerengera njira zonse, iliyonse ndi kulemera kwake, ndipo mahaplotype osowa kwambiri umawasonkhanitsa m'gulu limodzi. Ndinaiwerengapo chaka chatha, ndinangochita ulesi.

Funso lachitatu ndi limene linandimaliza. "Anawa akumwa hydroxyurea?" Mankhwalawa amakweza HbF paokha. Msinkhu nawo umasokoneza, poti mwa ana aang'ono kwambiri HbF imakhala isanatsike. Nditabwerera ku fayilo ndinapeza kuti ambiri mwa ana anga ochepawo ali pa mankhwala. Komanso ndinayesa mahaplotype ambirimbiri, ndipo ukayesa ka 20 pa mlingo wa 0.05, umayembekezera kuti kamodzi ziwale mwamwayi chabe.

Chondiwawa n'chakuti nkhani yoti haplotype imayenda limodzi ndi HbF payokha si yabodza. Pozungulira jini ya HBB pa chromosome 11, imene ikasintha imabweretsa sickle cell, pali mahaplotype asanu odziwika: Senegal, Benin, Cameroon, Bantu ndi Arab-Indian. Ya Senegal ndi ya Arab-Indian zimabweradi ndi HbF yochuluka. Koma kuno kwathu yofala ndi ya Bantu, moti ana ambiri m'fayilo yanga zingwe zawo n'zofanana. Ufananitsa chiyani ndi chiyani? Mwina mpake kuyang'ananso BCL11A, jini ina yokhudza kuchuluka kwa HbF pa chromosome 2, monga ananenera aphunzitsi ndikutuluka.

Madzulo ndinabwereza zonse ndi haplo.score, score test ya Schaid ija, nditaikamo msinkhu ndi mankhwala, n'kuonjezera permutation (kusakaniza zotsatira mwachisawawa kambirimbiri kuti uone zimene mwayi wokha ungatulutse). Magetsi anazima ili pakati, laputopu inapirira ndi batire. P-value yanga ya m'mawa ija inakwera n'kupitirira 0.05 osacheuka. Ndadya nsima ya usipa pa kandulo, ndipo fayilo imene ndinaitcha "zotsatira_zomaliza" ndaisintha dzina.