Loweruka lowerenga mavoti kuno ku Monaghan

25 October 2025

Lero ndadzuka 6 koloko kunja kudakali bii, kuzizira kwake kuja kolowa mpaka m'mafupa, nde poti ndinali ndi nyumba zisanu za anthu omwe ndimawasamalira zoti ndiyendere ndangomwa tiyi choimirira n'kulowa m'galimoto. Pa wailesi nkhani inali imodzi basi, chisankho cha pulezidenti wa Ireland. Anthu avota dzulo koma kuno sawerenga usiku womwewo ngati kwathu ayi, mabokosi amagona kaye n'kudzatsegulidwa 9 koloko m'mawa. Ine sindinavote, za upulezidenti amavota nzika zokhazokha, ife alendo amatilola za makhansala basi, koma nkhope za makandideti ndakhala ndikuziona mwezi wathunthu pa mapolo a magetsi mpaka kuyamba kumva ngati ndi achibale.

Nyumba yoyamba ndi ya agogo aamuna aja a ku famu, cha kufupi ndi Drum, mudzi womwe Heather Humphreys, kandideti wa Fine Gael, chimodzi mwa zipani za boma, anachokera. Ndi a Presbyterian, ndipo tsiku lomwe ndinawauza kuti inenso kwathu ndine wa CCAP anasangalala ngati apeza mdzukulu wotayika, kuyambira pamenepo tiyi wanga amandisankhira kapu yabwino. Mankhwala awo amasunga m'chitini cha mabisiketi chokhala ndi nkhope ya Queen Elizabeth, utoto unayamba kusupuka, ndipo m'dilowa ya masokosi muli kansalu ka olenji kokoleka paphewa ka Orange Order, gulu la a Protestant okonda Britain, ka malemu bambo awo, kopindidwa bwinobwino, ine ndimangokalambalala potenga masokosi sindinafunsepo. Pasipoti yawo ndi ya Ireland, penshoni amalandira ma euro, ku North, ndiye kuti Northern Ireland, sanakhaleko olo chaka chimodzi. Amati bambo awo ankadandaula mpaka kumwalira kuti a Protestant a ku Monaghan, Cavan ndi Donegal anasaina nawo Ulster Covenant mu 1912 kukana kulamulidwa ndi Dublin, koma podula malire mu 1921 anzawo a maboma asanu ndi limodzi omwe anapanga Northern Ireland aja anangowasiya kunja ngati mbuzi yotsalira pakhomo la khola.

Nde ndikuwameta ndevu ndawafunsa kuti agogo, kodi munthu wa unionist weniweni, amene akufuna kuti Northern Ireland ikhalebe m'manja mwa Britain, atati aime kuno angawine? Aseka mpaka kutsokomola, ndachita kuchotsa lezala msanga. Akuti mwanangu, tamuona Heather, si unionist olo pang'ono, amadzitcha yekha republican, wokhulupirira Ireland yodzilamulira yopanda mfumu, wakhala nduna zaka khumi, mwambo wokumbukira zaka 100 za Easter Rising, kuukira ulamuliro wa Britain kuja, mu 2016 anayendetsa ndi iyeyo, koma kampeni yonseyi wakhala akumufunsa za Orange Order, za pikiniki ya ku Drum, za agogo ake omwe anasaina Covenant iye asanabadwe n'komwe. Ngati fungo lokha la olenji likuchita chonchi, nanga munthu atabwera atavala yeniyeniyo? Kenako akhala chete n'kutchula Billy Fox, seneta wa Fine Gael wa ku Monaghan konkuno, m'Protestant, yemwe a IRA, gulu la zida la ma republican, anamupha pomuwombera mu March 1974. Sanapitirize, angoti ndiwapatse thawulo.

Yachiwiri ndi ya amayi aja a ku Clones, a Katolika, pakhoma pawo pali chithunzi cha Mtima Woyera wa Yesu ndi kagetsi kofiira kosazima usana ndi usiku. Iwo anavotera kandideti winayo, Catherine Connolly, ndipo sabisa. Ndawafunsa funso lomwe lija ndikuwapakira batala pa buledi, koma ndaona kuti lawakhudza pena pake chifukwa ayankha mwamsanga kuti zachipembedzo palibepo apa, pulezidenti woyamba Douglas Hyde mu 1938 anali m'Protestant, Erskine Childers nayenso, ndipo Childers iwo anamuvotera okha mu 1973 poti anali phungu wa Monaghan. Zoona ndithu. Koma Hyde ndi amene anayambitsa nawo Gaelic League yomenyera chilankhulo cha chi Irish, ndipo Childers anali wa Fianna Fáil, chipani chochokera ku mbali ya ma republican, bambo ake anaphedwa mu 1922 ali mbali ya ma republican. Nde awa si ma unionist, kungoti amapemphera kwina. Amayiwo akuti munthu amene mtima wake uli kwa King Charles angaime bwanji ku Dublin Castle n'kulumbira kuti adzateteza malamulo a Republic, zili ngati mkwati kulumbira pa guwa maso ali kwa wina. Nawonso ali ndi 1974 wawo. Pa 17 May chaka chimenecho bomba la a UVF, gulu la zida la mbali ya ma unionist, linaphulika m'tauni ya Monaghan n'kupha anthu 7, tsiku lomwelo lomwe mabomba ena anaphulika ku Dublin. Nyumba ziwiri izi n'zotalikirana mwina mphindi khumi ndi zisanu pa galimoto, chaka chimodzi chomwecho, aliyense maliro ake.

Zinazo zitatu panalibe zambiri, wina anali mtulo, wina amangofuna tikambe za mphaka wake. Koma popita ku yachitatu ndinadzera msewu wa Clones kupita ku Cavan uja womwe umadutsa malire kanayi, palibe wapolisi palibe geti, umangoona zikwangwani zasintha kuchoka pa makilomita kupita pa mamailosi kenako zabwereranso, foni nayo n'kumangosokonezeka.

Nkhomaliro ndadyera m'galimoto, mpunga wadzulo ndi nyemba, wailesi ikunena kuti Connolly ali patsogolo kwambiri, ine n'kumawerengetsera ndekha nkhani ija. Choyamba kuti dzina lako lilowe pa pepala lovotera pamafunika aphungu ndi maseneta 20 kapena makhonsolo anayi akusainire, komanso ukhale nzika ya Ireland wa zaka 35 kupita m'tsogolo. Zaunzikazo si vuto kwenikweni poti pangano la Good Friday la 1998 limalola munthu wa ku North kukhala mu Irish, m'British kapena zonse ziwiri, ndipo chibwerere Brexit ambiri ndithu anatenga pasipoti ya kuno mwakachetechete. Vuto ndi loti anthu omwe angamuvotere munthu woteroyo ali ku Antrim ndi ku Down, ndipo okhala ku North savota pa chisankho ichi, olo Martin McGuinness wa Sinn Féin, chipani chofuna Ireland imodzi, ataima mu 2011 sanathe kudzivotera yekha. Kuno ku South a Protestant sakwana 5 pa anthu 100 aliwonse ndipo ambiri mwa iwo za union anazisiya kalekale. Nde mavoti achokera kuti? Ena amatchula Ian Marshall, mlimi wa unionist wa ku Armagh yemwe analowa mu Seanad, nyumba ya maseneta, mu 2018 mpaka a Sinn Féin kumuthandiza, koma pajatu anamusankha ndi aphungu ndi maseneta okhaokha, osati amayi a ku Clones aja.

Chomwe ine ndaona pa zaka zomwe ndakhala kunozi n'choti anthu a kuno amakonda pulezidenti wotambasulira dzanja ma unionist, osati unionist amene. Mary McAleese wa ku Belfast anawina mu 1997 ndi mfundo yomanga milatho, ankaitana anthu a chikhalidwe cha Orange ku Áras an Uachtaráin, nyumba ya pulezidenti, pokumbukira tsiku lawo la 12 July, analandira Queen mu 2011, anthu n'kumaombera m'manja. Kulandira mlendo pakhonde ndi china, kumupatsa makiyi a nyumba ndi chinanso. Ndipo ambiri mwa omwewa amati akufuna Ireland imodzi, kaya akuganiza kuti anthu mazanamazana ambirimbiri a ku North odzitcha a British aja adzakhala pakhonde mpaka liti, ine zimandidabwitsa.

Madzulo zotsatira zatuluka, Connolly 63 peresenti, Humphreys 29, Jim Gavin yemwe anasiya mpikisano koma dzina linatsalira pa pepala 7, ndipo mavoti owonongeka kuposa 200,000, anthu kulemba zaukali pa pepala dala. Kunena chilungamo sindikuganiza kuti Humphreys wagwa chifukwa cha tchalitchi chake. Wasenza katundu wa boma, anthu atopa ndi nkhani ya nyumba, ine ndemwe lendi imandidyera pafupifupi theka la malipiro nde ndikuwamvetsa, komanso zipani zonse za kumanzere zinagwirizana kumbuyo kwa Connolly. Za olenjizo zinali ngati mchenga mu nsapato, sukugwetsa koma kuthamanga nako sutha.

Achimwene aimba pa WhatsApp kuchokera ku Lilongwe kufunsa kuti kodi kwanuko zatha bwanji, ndawauza kuti mayi wathu Humphreys wawina kuno ku Cavan-Monaghan kokha, kwina konse wagwa. Aseka kwabasi, akuti nde azungu nawonso amavotera mwana wa pakwawo eti, mumatinena ife bwanji mwezi wathawu. Ndawauza kuti achimwene ma unitsi anu atha, tikamba mawa.

8 koloko ndinabwereranso kwa agogo a ku famu kukawagoneka. TV anali atazimitsa, akhala mu mdima ndi galu wawo. Ndawapatsa mapilitsi a m'chitini cha Queen muja, amwa, n'kunena kuti kuno kwathu Heather wachita bwino, a Katolika nawonso amuvotera. Ndavomera kuti eya agogo. Kenako andikumbutsa kuti usiku uno nthawi ikubwerera m'mbuyo ola limodzi, ndikonzeretu wotchi ya pakhoma kuti mawa asafike kutchalitchi zitseko zisanatsegulidwe, nde ndakwera pampando ndi mawondo angawa n'kuibweza.