Uranium wa ku Greenland alipo, koma kumukumba ndi nkhani ina

Anzanga, mukamamva za chuma cha pansi pa ayezi ku Greenland, yang'anani phiri la Kvanefjeld, makilomita pafupifupi 8 kuchokera m'tauni ya Narsaq. Miyala yake ndi ya gulu la miyala lotchedwa Ilímaussaq, yomwe inauma pansi pa nthaka zaka zoposa 1.1 biliyoni zapitazo. Uranium ali mu mwala wotchedwa lujavrite, womangika mu mchere wa steenstrupine, pamodzi ndi thorium (chitsulo china chotulutsa cheza choopsa ngati uranium) ndi ma rare earth (zitsulo zofunika popanga zipangizo zamakono).

Vuto loyamba ndi kuchepa kwake: magalamu pafupifupi 300 pa tani imodzi ya mwala. Ndiye kuti uranium sangalipire mgodi payekha, amangotsatira ma rare earth.

Chachiwiri, kuti mupeze uranium muyenera kusungunula steenstrupine. Amafuna asidi ndi kutentha, ndipo zonsezo ndi ndalama. Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi villiaumite, mchere wa fluoride womwe uli mu mwala womwewo. Umasungunuka ndi madzi wamba. Mukaphwanya mwala, mvula ndi ayezi wosungunuka zimatenga fluoride, yemwe ndi woopsa akachuluka, kupita naye kumitsinje, ndipo kumusi kuli alimi a nkhosa. Kampani yomwe inkafuna kutsegula mgodi pano inkafuna kuthira zinyalala zake m'nyanja ya Taseq, pamwamba pa tauniyo.

Mu 2021 boma la Greenland linaletsa kufufuza ndi kukumba miyala yokhala ndi uranium woposa magalamu 100 pa tani. Kvanefjeld amadutsa malire amenewo katatu.