Zikomo nonse a kwathu ku Mangochi, mwana wanu wamaliza

Loweruka lapitali ndinatsika minibasi pa boma nditanyamula satifiketi ya digiri yachiwiri. Ndisanaoloke n'komwe mlatho wa pa Shire kulowera kwathu ku Malindi, anthu atatu anali atandifunsa kale kuti kodi zaka zonsezi ndimaphunzira chiyani. Popeza ndalama zake zinachokera m'matumba mwanu, muyenera kuyankhidwa.

Tsiku limene ndinauza agogo kuti ndikufufuza za majini, anasiya kupeta mpunga n'kundiyang'ana. "Iwe, tinakutumiza kusukulu kapena kwa sing'anga?" Kunyanja kuno majini timawadziwa ena aja ogwira anthu. Anga ndi a m'maselo a thupi, malangizo olembedwa mu DNA. Selo likafuna kupanga puloteni limakopera malangizowo pa mthenga wotchedwa mRNA, wopangidwa ndi RNA, chinthu chofananako ndi DNA. Koma palinso tina ta RNA tating'ono kwambiri, ta zilembo pafupifupi 22, totchedwa microRNA. Timeneti sitipanga puloteni ayi. Timangokakamira pa mthenga uja, ndipo uthengawo umachedwa kapena kuwonongeka, puloteni n'kuchepa.

Agogo anamva nditatchula zowamba nsomba. Moto ukachuluka chambo chimapserera, ukachepa chimawola, ndiye pamafunika dzanja lochotsa ndi kusonkhezera nkhuni. Dzanja limenelo m'selo ndi microRNA. Munthu akamakalamba, tina timachuluka, tina timachepa, motowo suyakanso mofanana ndi kale. Mwachitsanzo, microRNA yotchedwa miR-34a imakwera mumtima wa mbewa zokalamba, ndipo imakhudzana ndi kufa kwa maselo a mtimawo.

Nkhaniyi inayambira pa kanyongolotsi kotalika milimita imodzi yokha, C. elegans, kamene kamakhala ndi moyo milungu iwiri kapena itatu. Mu 1993 gulu la Victor Ambros linapeza microRNA yoyamba, lin-4, m'kanyongolotsi kameneka, ndipo ambiri anaiona ngati chodabwitsa cha nyongolotsi basi. Mu 2000 gulu la Gary Ruvkun linapeza ina, let-7, imene ilinso mwa anthu. Mu 2005 kunadziwika kuti lin-4 ikachepetsedwa nyongolotsiyo imafa msanga, ikawonjezedwa imakhalitsa. Ambros ndi Ruvkun analandira mphoto ya Nobel mu 2024, patadutsa zaka 31 kuchokera pamene lin-4 inapezeka. Ndimazikumbukira zaka zimenezi chifukwa ineyo miyezi 8 yokha inatsala pang'ono kundigonjetsa.

RNA ndi chinthu chosachedwa kuwonongeka, n'chifukwa chake timaisunga mufiriji yozizira madigiri 80 pansi pa ziro. Lachisanu lina usiku magetsi anazima, jenereta osalira, ndipo pofika Lolemba zonse zimene ndinasonkhanitsa kwa miyezi 8 zinali zitasungunuka. Thandizo la fizi linali kutha mwezi womwewo. Ndinalongedza chikwama, ndinaimba foni kunyumba kuti ndikubwera, sukulu yandikanika.

Amayi, munangoti, "Ubwere kudzatani, kudzandithandiza kuyanika usipa?" n'kudula foni. Ndinakwiya nanu sabata yathunthu. Sindinadziwe kuti m'mawa mwake munalawirira kugombe kukapikula usipa wa ngongole, ndiponso kuti munakagwada kwa azimayi anzanu a banki m'khonde. Azimayi inu, ena a kumzikiti ena a kutchalitchi, munapereka osafunsa kuti nyongolotsi zidzakubwezerani liti. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ine ndaziona ndi maso.

Amalume, ndalama za kabaza zija munkatumiza pafoni Lachisanu lililonse, nthawi zina zongokwanira sopo, ndinalemba zonse m'kope. Dzuwa la ku Mangochi ndimalidziwa, ndipo ndikudziwa thukuta lake. Achimwene, munagulitsa mbuzi ziwiri n'kunamiza alamu kuti zasowa. Lero ndaulula, mundikhululukire.

Aphunzitsi amene ankandiyang'anira anapempha kuti ndiwonjezeredwe chaka, ndipo bambo wina wa mu labu ankabwera ngakhale Lamlungu kudzaona ngati firiji ikulira. Anakana kuti ndiwatchule mayina, koma akudzidziwa. Aphunzitsi anga a Biology a kusekondale ya masana, amene munkajambula selo pabolodi chifukwa maikulosikopu kunalibe, pepalali ndi lanunso.

Agogo atagwira satifiketi anaitembenuza uku ndi uku, kenako anafunsa ngati ndapeza mankhwala a mawondo awo. Ndinawauza zoona kuti ayi. Kudziwa kuti microRNA imasintha munthu akamakalamba sikutanthauza kuti tapeza choletsa ukalamba, ndipo wina akadzabwera pamsika ndi botolo lonena zimenezo, musadzamupatse ndalama yanu. Anaseka, akuti ndiye ndiwagulire ndodo yatsopano ndikayamba kulandira.

Lamlungu likudzali masana kunyumba kuli mpunga ndi chambo. Nonse ndatchula, ndi amene ndaiwala, bwerani. Mipando ndi yochepa, amene muli pafupi munyamuleko mkeka.