Zikomo kwa amene anapulumutsa mlatho wa miyala wa ku Písek

Papita zaka zoposa 20 chisefukire mtsinje wa Otava mu Ogasiti 2002, koma mlatho wa miyala wa m'tauni ya Písek, kum'mwera kwa Bohemia m'dziko la Czech Republic, ukadali chiimire ndipo anthu akuwolokerapo tsiku ndi tsiku. Ife amene timatsata nkhani za milatho ndi zomangamanga zakale tikufuna kuthokoza poyera onse amene anaugwirira ntchito. Ambiri mwa iwo maina awo sadziwika n'komwe.

Písek ndi tauni ya anthu pafupifupi 30,000, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kum'mwera kwa Prague. Inakula m'zaka za m'ma 1200, nthawi ya mfumu Přemysl Otakar II, pamene anthu ankasefa golide mumchenga wa Otava. Mlathowu unamangidwa chakumapeto kwa zaka zomwezo, ndipo ndi wakale kuposa milatho yonse imene yatsala m'dzikolo, kuphatikizapo wotchuka uja wa Charles ku Prague umene anayamba kuumanga mu 1357. Kutalika kwake ndi mamita pafupifupi 110, m'lifupi mamita 6 ndi pang'ono, ndipo ndi wa miyala ya granite. Uli ndi zipata zokhota 7. Zisanu ndi chimodzi n'zoyambirira, koma chachisanu ndi chiwiri n'chachikulu chifukwa chinamangidwa m'malo mwa ziwiri zimene madzi anagwetsa mu 1768. Pachipata chachikuluchi m'pamene pankadutsa mitengo yomangidwa pamodzi imene ankaiyandamitsa kuchokera ku nkhalango za Šumava, komwe Otava amachokera.

Oyamba kuwathokoza ndi inu mainjiniya ndi amisiri amene munakonza mlathowu pakati pa 1996 ndi 1998. Ntchito yanu yaikulu inali pansi pa madzi, pamene mlendo wojambula zithunzi sayang'anako: munalimbitsa maziko a zipilala ndi kuwamangirira ku thanthwe la pansi pa mtsinje. Ife tikuona kuti apa m'pamene mlathowu unapulumukira, zaka zinayi madziwo asanabwere. Mlatho wa miyala kawirikawiri sugwa chifukwa chakuti miyala yasweka ayi. Madzi akachuluka amapanikizika pazipata, liwiro lake n'kukula, ndiye amayamba kukumba mchenga ndi timiyala m'munsi mwa chipilala. Chipilala chikangotitimira kapena kupendekeka pang'ono, zipata ziwiri zimene zimatsamira pa icho zimamasuka, mwala wapakati n'kutsika, basi zonse n'kupita. Mitengo yokokoloka ikatsekanso zipata, mlatho umasanduka damu ndipo mphamvu yonse ya madzi imaukankha cham'mbali, komwe sunamangidwe kuti upirire.

Mu 2002 zonsezi zinafika pamodzi. Mvula inagwa kawiri: yoyamba cha pa 6 ndi 7 Ogasiti inakhutitsa nthaka, yachiwiri kuyambira pa 11 inapeza dothi lopanda pomwera. Pa 13 Ogasiti mtsinje umene masiku onse umayenda mofatsa unadutsa pamwamba pa mlatho, madzi akuya pafupifupi mamita awiri pamsewu wake. Makoma a m'mbali anakokoloka, chiboliboli cha mngelo chinapita ndi madzi, koma zipilala ndi zipata zonse zinatsala. Kugwa kwa makoma aja n'komvetsa chisoni, komabe kunapatsa madzi njira ndi kuchepetsa mphamvu imene inkakankha mlatho wonse.

Zikomo inu ozimitsa moto, asilikali ndi anthu ongodzipereka amene munasamutsa mabanja m'nyumba za m'mbali mwa mtsinje, kenako n'kukhala masiku mukuchotsa matope. Zikomonso kwambiri inu akatswiri olowa pansi pa madzi amene munavuula miyala ya makoma aja mumtsinje. Kukanakhala kosavuta kugula miyala yatsopano, koma munasankha njira yovuta. Ntchito yotere imafuna kudekha: mwala uliwonse uvuulidwe, utsukidwe, aone ngati wang'aluka, aufananize ndi zithunzi ndi miyeso yakale kuti adziwe pamene unali, ndipo posowa mwala asemepo wina wa mtundu womwewo. Mwala wakale ukaikidwa ndi simenti yolimba kwambiri, chinyezi chimatsekeredwa mkati, ndipo m'nyengo yozizira ya kumeneko madziwo akaundana amang'amba mwalawo. N'chifukwa chake amisiri odziwa amasamala kwambiri za matope omangira. Pofika 2003 makoma anali atabwerera m'malo mwake.

Ogwira ntchito ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Prácheň, imene ili ku Písek komweko m'chigawo chotsala cha nyumba yachifumu imene inapsa ndi moto mu 1532, nanunso landirani kuthokoza kwathu. Ziboliboli zimene zili pamlatho, monga cha Jan Nepomucký Woyera, cha Anna Woyera ndi cha Antonio wa ku Padua, n'zongofanizira. Zenizeni zinachotsedwa n'kukasungidwa m'nyumba yanuyi kuti mvula ndi chisanu zisazidye. Ena amadandaula kuti akuona zofanizira, koma ife tili kumbali ya amene anaganiza zimenezi.

Sitingaiwale osamalira nyumba yopangira magetsi ya madzi imene ili m'mbali mwa Otava, pafupi ndi mlatho, m'nyumba imene kale inali chigayo. Mu 1887 katswiri wa zamagetsi František Křižík anayatsa nyale zamagetsi m'misewu ya Písek, ndipo chaka chotsatira tauniyi inayamba kupanga magetsi ake ndi madzi a mtsinje womwewu. Nyumbayi ili m'malo amene madzi osefukira amayamba kufika, choncho kuisunga kuti alendo azionabe makina akale si ntchito yamasewera.

Akuluakulu a tauni, zikomo poletsa magalimoto pamlathowu ndi kuusiyira oyenda pansi. Ndipo inu oyang'anira mtsinje amene mumayeza madzi kumtunda, kuchenjeza anthu nthawi ikadalipo ndi kuchotsa mitengo yokodwa pazipilala mvula ikatha, tikukupemphani kuti musatope. Ambuye akudalitseni nonse.