Tsiku limene ndinatulukira chimanga ku Lapland

Kwathu ku Ntchisi mpaka lero sadziwa bwinobwino chimene ndinakaphunzira ku Sweden. Amayi amauza anthu kutchalitchi kuti ndi "za maluwa", ndipo ena amaganiza kuti ndidzabwera kudzatsegula bizinezi yokongoletsa maukwati. Zoona zake n'zakuti ndinkawerenga mungu. Inde, kafumbi kachikasu kaja kamene kamakumata m'tsitsi ukalowa m'munda chimanga chitamasula ngayaye. Munthu wamkulu, ndevu pepeya, kukwera ndege kukawerenga fumbi.

Komatu fumbi limeneli lili ndi nkhani. Kambewu kalikonse ka mungu kali ndi chikopa cholimba chosaola msanga, ndipo kakamira m'matope a pansi pa nyanja kamatha kukhala zaka masauzande kasanasinthe maonekedwe. Mu 1916 katswiri wina wa ku Sweden komweko, Lennart von Post, anasonyeza kuti ukawerenga mungu wa m'matope kuyambira pansi kukwera m'mwamba, umaona mmene nkhalango zinkasinthira. Vuto n'lakuti sungamve chimene mungu wakale ukunena usanadziwe mmene mungu wa lero umanenera za mitengo ya lero. Choncho ife ophunzira ankatituma kumapiri kukazula ndere, chifukwa ndere imasunga mungu umene wagwa pamalopo kwa zaka zingapo. Ukazula, umalemba zomera zonse zimene zakuzungulira, kenako kukafananitsa.

Gulu lathu linapita ku Abisko, m'chigawo cha Lapland kumpoto kwa Sweden, pafupifupi makilomita 200 kumpoto kwa mzere wa Arctic Circle, m'mphepete mwa nyanja ya Torneträsk. Tinafika kumayambiriro kwa July, nthawi imene dzuwa sililowa. Thupi langa linasokonezeka: 2 koloko usiku kunja kuli mbee, ine maso gwa, m'mimba mukufunsa nsima yamasana. Za udzudzu ndisanene. Wa ku Nsanje ndi mwana. Anzanga ankandilimbitsa mtima kuti wakumeneko supatsa malungo, ngati kuti kulumidwa popanda malungo kumakoma.

Phiri la kumeneko lili ngati nyumba yosanja. M'munsi muli nkhalango ya mitengo ya birch, yopindikapindika, ndi mapaini apo ndi apo. Ukakwera, mitengo imafupika mpaka kutheratu, chifukwa nyengo yofunda imakhala yaifupi kwambiri moti mtengo sungakule. Pamwamba pamatsala ka birch kena kokwawa kosafika m'mabondo, tizitsamba ta zipatso zakuda, ndi udzu wa m'dambo. Mayi pulofesa amene ankatiyang'anira, munthu wosalankhulalankhula, anatichenjeza tsiku loyamba lomwe kuti mungu uli ngati msonkhano wa kwa amfumu (fanizoli ndi langa, iwo ananena mwachisukulu). Pali ena olongolola amene mawu awo amamveka mpaka mudzi wachitatu. Ameneyo ndi paini: mungu wake uli ndi timatumba tiwiri ta mpweya, pagalasi umaoneka ngati mutu wa mbewa ya makutu akuluakulu, ndipo mphepo imaunyamula makilomita ambirimbiri. Umaupeza wochuluka ngakhale pamwamba pa phiri pamene palibe paini ndi mmodzi yemwe. Ndiye pali ofatsa, monga tizitsamba todalira tizilombo kuti tinyamule mungu wawo: tili ponseponse, koma pamsonkhano timangoti "eya" kamodzi. Ntchito yathu inali kudziwa amene akukokomeza ndi amene akudzichepetsa, kuti tikadzapeza kusakanikirana komweko m'matope akale tidzathe kunena kuti nthawi imeneyo mwezi wa July unkatentha motani.

Ndinamvetsa zonsezi. Ndikufuna zimenezi zilembedwe, chifukwa zotsatirazi zingakuganizitseni kuti ndinkagona m'kalasi.

Tsiku lachinayi anandituma ndekha kumtunda kwa phiri la Nuolja. Ndinanyamula timatumba tapulasitiki toikamo ndere, buledi, ndi chuma changa chachikulu: botolo la uchi limene amalume anandipatsa ponditsanzika. Amalume ali ndi ming'oma ya njuchi, ndipo uchi wawo amaufinya pamanja ndi kusefa pansalu. Pabotolo lililonse amamata kapepala kolembedwa kuti ndi uchi wa m'nkhalango yachilengedwe, wopanda chosakaniza.

Nditafika pamalo omaliza, pamwamba penipeni, mphepo inandilanda timatumba totsala. Ndinationa tikuuluka kulowera ku Norway. Kutsika kukatenga tina kunali ulendo wa maola atatu, ndipo pamaso panga panali ndere yokongola, yonenepa, yoti pulofesa akaiona amwetulire. Apa m'pamene nzeru za kumudzi zinandifikira. Kwathu botolo silitayidwa. Ndinakhala pamwala, ndinapaka uchi wotsala pabuledi, ndinanyambita chala, kenako ndinapita pakamtsinje kukatsuka botolo. Madzi ake anali ochokera ku chipale chimene chinali kusungunuka chapafupi pomwepo. Amene anayesapo kutsuka uchi ndi madzi ozizira akudziwa chimene chimachitika: uchi umangouma gwa n'kukakamira pansi. Zala zitachita dzanzi ndinayang'ana botolo padzuwa, ndinati, "Basi, layera." Ndinaikamo ndere, ndinalemba nambala, ndinatsika phiri ndikuimba nyimbo ya kwaya.

Pofika kumsasa ndinakhuthulira ndereyo m'kathumba katsopano, botolo n'kuponya m'chikwama. Sindinabise dala. Ndinangoona kuti si nkhani.

Patapita miyezi iwiri tinali mu labu. Ndere timaiwiritsa m'mankhwala, kuisefa, kenako kuithira asidi woti adye china chilichonse kupatula chikopa cha mungu. Zotsalazo timapaka pakagalasi n'kuyamba kuwerenga pa maikulosikopu, kambewu kamodzikamodzi, mpaka 500 pa malo alionse. Ndi ntchito yofuna munthu amene anakulira kusankha nyemba. Birch, birch, paini, birch, udzu, paini. Malo oyamba mpaka achisanu ndi chiwiri zinkayenda monga mwa buku: ukamakwera, mungu wa tizitsamba ndi udzu wa m'dambo umawonjezeka, koma paini wabodza uja osachoka.

Kenako ndinaika kagalasi ka pamwamba pa phiri.

Choyamba kuona chinali chimpira chachikulu, chosalala, cha kabowo kamodzi. Kabowo kamodzi ndi chizindikiro cha banja la udzu, koma ichi chinali chachikulu kuwirikiza kawiri kapena katatu udzu uliwonse wa kumeneko. Mtima unagunda. Ndinatsegula mabuku. Chimanga! Ndisanapume, taonani timakona atatu tambirimbiri, tating'ono, tosongoka bwino: bulugamu. Kenako tina ta mizeremizere, timene ndinakatipeza m'buku la mungu wa ku Africa usiku womwewo: mombo. Mtengo wa mombo, pamwamba pa phiri la ku Lapland.

Munthu wanzeru akanaima pamenepa n'kudzifunsa. Ine mutu unakula. Ndinakumbukira kuti fumbi la ku chipululu cha Sahara nthawi zina limawoloka nyanja mpaka kukagwa ku Scandinavia, zimene n'zoona. Ndiye ngati fumbi limafika, mungu ungalephere bwanji? Ngati paini amayenda makilomita mazana, wa kwathu, wozolowera kuyenda pansi, angalephere masauzande? Mfundo yakuti mungu wa chimanga ndi wolemera ndipo wambiri umagwera m'munda momwemo kapena m'mphepete mwake ndinaikankhira pambali ngati ngongole ya mnzanga. Ndinaimbira foni amayi kuti akonzeke, dzina la banja lathu likalowa m'mabuku. Iwo anafunsa ngati zimenezo zikutanthauza kuti ndiyamba kutumiza ndalama.

Sabata yonse sindinauze munthu, kuopa kuberedwa nzeru. Ndinagula ngakhale jekete.

Lachisanu gulu lonse limakumana pa khofi ndi mabanzi, mwambo umene eni dziko amautcha fika ndipo sauphonya ngakhale kugwe chiyani. Ndinaimirira, jekete ili pathupi, ndinaonetsa zithunzi pakhoma. Ndinalankhula za mphepo za mumlengalenga. Ndinajambula muvi wautali kuchokera kum'mwera kwa Africa mpaka ku Abisko. M'chipinda munangoti zii, ine n'kumati anthu agoma.

Mayi pulofesa anaika kapu pansi. Anayang'ana chithunzi cha chimanga nthawi yaitali.

"Malo ena asanu ndi awiri aja mulibe zimenezi?"

"Mulibe, mayi. Ndi pamwamba pokha. Mphepo ya kutali imayamba kugunda pamwamba." Yankho limeneli ndinali nditalikonzeratu, ndipo ndinalinena monyadira.

"Zomera zimene mwapezazi, njuchi zimazikonda zonse," anatero mofatsa. "Ndere imeneyi munainyamulira m'chiyani?"

Abale anga, pali mafunso ena amene yankho lake limafika m'mawondo lisanafike m'mutu. Ndinaona kamtsinje kaja. Ndinaona zala zanga zachita dzanzi. Ndinaona kapepala ka amalume. Thukuta linatuluka kamukamu m'dziko loti anthu amavala majuzi awiri.

"M'botolo, mayi."

"La chiyani?"

Ndinayankha motsitsa mawu moti anandipempha kubwereza. Mnyamata wina wa ku Finland, amene chaka chonse ndinali ndisanamuonepo mano, anaseka mpaka khofi anatulukira m'mphuno.

Ndinkayembekezera kukalipiridwa, koma zimene anachita pulofesa zinaposa kukalipa. Anatenga kagalasi kanga, anakhala pa maikulosikopu, n'kuyamba kufotokozera gulu lonse za kwathu, kumene sanapondeko. Anati uchi wofinya pamanja umakhala ndi mungu wambiri, chifukwa zisa zimene njuchi zimasungiramo mungu zimafinyidwira limodzi. Anati kumeneku kuli minda ya chimanga pafupi, kuli nyengo yamvula ndi yachilimwe, nkhalango yachilengedwe ilipo koma yatsala pang'ono kapena ili patali, ndipo ming'omayo iyenera kuti ili pafupi kwambiri ndi mitengo yodzala ya bulugamu, chifukwa ndiyo yadzaza kagalasi. Ophunzira ankalemba. Ine ndinakhala pakona ngati nkhuku yonyowa, ndikumva mudzi wanga ukuwerengedwa ngati kalata. Ndipo sanalakwitse ngakhale chimodzi.

Ndere ya pamwamba ija inatayidwa. Ndinabwerera ku Nuolja kumapeto kwa September, chipale chitayamba kale kugwa kumtunda, timatumba nditatimangirira m'chiuno ndi chingwe. Kuyambira pamenepo mu labu monse dzina langa linali Honung, ndiye kuti uchi m'chinenero chawo, ndipo aliyense wobwera kumene ankamuonetsa kagalasi kanga asanamuonetse chimbudzi.

Chinanditsalira ndi nkhani ya bulugamu. Ndinaimbira amalume.

"Amalume, ming'oma yanu ija ili kuti kwenikweni?"

"M'nkhalango, mphwanga. Bwanji?"

"Si ili m'mabulugamu aja a kuseri kwa sukulu?"

Foni inakhala chete mpaka ndinayesa kuti mayunitsi atha.

"Wakuuza ndani?"

"Mzungu wina kuno. Waona pamakina."

"Anafikako kuno?"

"Ayi."

Amalume anapumira m'mwamba. Anati iwo ankadziwa kale kuti sukulu zakunjazi zili ndi ufiti wake, ndipo anandilamula kuti mayi ameneyo ndisadzabwere naye ku Ntchisi nthawi yokolola uchi. Kenako anafunsa ngati botolo lija ndidzabwere nalo, poti mabotolo akwera mtengo.