Sabata ya amphaka awiri odwala mtima

Lolemba m'mawa bambo wina anabwera ndi kamphaka ka miyezi itatu kudzabayitsa katemera wa chiwewe. Nditaika stethoscope, chida chomvetsera kugunda kwa mtima, pachifuwa chake chakumanja, ndinamva phokoso lamphamvu moti ngakhale zala zanga zinkamva kunjenjemera. Pa muyeso wathu wa 1 mpaka 6, linali pa 5. Komatu kamphakako kanali konenepa bwino, kali kalikiliki kulimbana ndi makiyi anga. Pa sikani tinapeza kabowo pakhoma logawa zipinda ziwiri za m'munsi mwa mtima, vuto lomwe timalitcha VSD. Bowo likachepa magazi amadutsa mothamanga ndipo phokoso limakula, monga paipi ya madzi ukaitseka kukamwa ndi chala. Ndinawauza bambowo kuti mtima pansi, abwerenso pakatha miyezi 6.

Lachiwiri lonse linathera pa agalu ofula ndi mbuzi yotupa mimba.

Mphaka amene anandisowetsa tulo anabwera Lachitatu. Mayi wina wachikulire anamunyamula m'chitenje. Mphakayo anali wa miyezi 8 koma msinkhu ngati wa miyezi inayi.

"Adokotala, akangothamanga pang'ono amagwa, kukamwa yasa," anatero mayiwo.

Mphaka si galu, sapuma ndi kukamwa popanda vuto lalikulu. Phokoso la mtima wake linali lapansipansi, koma nkhama zinali zabuluu. Titayeza magazi, PCV, muyeso wa kuchuluka kwa maselo ofiira m'magazi, inafika 68, pomwe mphaka wabwinobwino sapitirira 45. Thupi likasowa okosijeni limachulukitsa maselo ofiira mpaka magazi amalimba ngati phala.

Ndinatumiza zithunzi za sikani pa WhatsApp kwa mnzanga wodziwa za mitima ku Pretoria, ndipo Lachinayi anatsimikiza kuti ndi tetralogy of Fallot, matenda amene dokotala wa ku Marseille, Arthur Fallot, anawafotokoza mu 1888. Zolakwika zake ndi zinayi: bowo pakhoma lija, njira yopita ku mapapo yopapatiza, mtsempha waukulu wa aorta wokhala pamwamba pa bowolo, ndi chipinda chakumanja chokhuthala. Zimandiwawa kuti opaleshoni yoyamba yothandiza ana obadwa chonchi, ya mu 1944 ku chipatala cha Johns Hopkins ku America, katswiri wothandiza madokotala a opaleshoni, Vivien Thomas, anaiyesera kaye pa agalu, koma ine ndilibe zida zoichitira pa chiweto.

Lachisanu tinachotsako magazi pang'ono n'kumuika dripu, kenako ndinalemba mankhwala a mtima otchedwa propranolol. Mayiwo anandiyang'ana n'kufunsa ngati analakwitsa kadyetsedwe.

"Ayi mayi, anabadwa nawo. Inu ndi amene mwamufikitsa pano."

Sindinawabisire kuti sadzachira, ndipo mwina sadzakalamba. Ndinawaphunzitsa kuwerenga kapumidwe kake akagona: kakapitirira 30 pa mphindi imodzi, andiimbire ngakhale usiku.

Loweruka madzulo foni inalira. Anali atawerenga katatu, ndipo ulendo uliwonse anapeza 26.